Munda wa agwape ukamamera n'kufota chaka ndi chaka

Kuno ku Georgia, kum'mwera chakum'mawa kwa America, anthu amalimira nyama zakutchire. Ine amene ndinakula ndikulinda nguluwe ndi anyani kuti zisalowe m'chimanga, zinanditengera nthawi kuti ndizizolowere. Mwini malo amatsegula kamunda ka theka la ekala kapena ekala imodzi pakati pa nkhalango ya paini, n'kufesamo mbewu zoti agwape azidya. Eni dziko amati food plot. Gwape wake ndi uja amamutcha white-tailed deer, wa mchira woyera kunsi. Kamundako kamathandiza nyamazi pa nthawi ziwiri za njala: kumapeto kwa nyengo yotentha, cha mu August ndi September, zitsamba za m'tchire zikakhwima n'kusanduka mapesi, ndi mu January ndi February, nthangala za mitengo ya oak zikatha pansi. Tisabisenso, mlenje amafuna adziwe kumene nyama ikadyere madzulo.

Apongozi anga ali ndi malo kumpoto kwa mzinda wa Macon, ndipo ntchito ya timinda timeneti anaisiya m'manja mwanga. Zaka ziwiri zoyamba tinataya mbewu ndi feteleza pa kamunda kamodzimodzi. Zinkayenda chonchi: mvula ikagwa, pasanathe sabata pabiriwira. Sabata yachitatu kapena yachinayi mbewu zaima, osakula, osafa. Masamba ayamba chikasu, ena kufiirira. Pofika December pangotsala katondo ndi tiudzu touma. Apongozi ankati agwape achuluka. Ine ndinkati tinagula mbewu zokhalitsa. Mnansi wathu ankati ndi mvula. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo yomwe inkatiluma ife inali asidi wa m'dothi.

Komabe musathamangire kukagula laimu wothetsera asidiyo chifukwa ndanena ine. Munda wodyedwa ndi munda wodwala zimaoneka chimodzimodzi ukaima kumalire, ndiye pamafunika kuzisiyanitsa kaye.

Yambani ndi kakhola ka waya

Agwape amadya kwambiri usiku, ndipo amameta munda wonse mofanana ngati ndi lumo, moti m'mawa umangoganiza kuti mbewu sizikukula. Tengani waya wa mpanda wolimba, wa mabowo ang'onoang'ono kuti akalulu asalowe, muupinde akhale kakhola kozungulira, mita imodzi m'mimba mwake ndi mita imodzi ndi pang'ono kutalika kwake. Kakhomereni ndi zikhomo pakati pa munda tsiku lomwe mwafesa, osati kumphepete kumene kuli mthunzi ndi mizu ya mitengo.

Pakatha mwezi kapena masabata asanu ndi limodzi, kakholako kamayankha kokha. Ngati m'kati mbewu zafika m'mawondo koma kunja kuli mpala, dothi lilibe mlandu. Munda wachepa, pakamwa pachuluka. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi khobwe ndi soya. Khobwe yemweyu wa kwathu amalimidwira agwape kuno nyengo yotentha, makamaka mtundu wotchedwa Iron and Clay, pamodzi ndi nkhungudzu yomwe iwo amati lablab. Agwape amazikonda moti amazidula zitangotulutsa masamba awiri oyamba, ndipo mbewu zimenezi zikadulidwa kunsi kwa masamba amenewo siziphukanso. Pa kamunda kosakwana ekala, kumene nyama zili zambiri, khobwe sapulumuka popanda waya wa magetsi wotchingira masabata oyamba. Mukulitse munda, kapena mubzale zopirira kudyedwa.

Koma ngati m'kati ndi kunja zili chimodzimodzi, zonse zopinimbira, ndiye kuti gwape tikumunamizira. Chathu chinali chimenechi.

Zulani, muone mizu

Tengani khasu mukumbe mbewu zingapo ndi dothi lake, muziviike m'ndowa ya madzi kuti dothi lichoke lokha. Muzu wathanzi umakhala woyera, wautali, wa tinthambi tambirimbiri ngati ubweya. Muzu wa m'dothi la asidi umakhala waufupi, wotupa kunsonga ngati chala chopunthwa, wofiirira, wopanda ubweya uja, ndipo kawirikawiri umangoyenda chopingasa pamwambamwamba ngati ukuopa kutsika. Chimene ukuthawa ndi aluminium.

M'katondo aliyense muli aluminium wambiri, koma amakhala womangika, wosavulaza. Muyeso wa asidi, womwe amati pH, ukatsika kupitirira 5.5, aluminium uja amayamba kusungunuka m'madzi a m'dothi, ndipo pofika 5.0 amakhala atachuluka n'kumapsereza nsonga za mizu. Manambala amenewa amaoneka oyandikana koma asakunyengeni. Pa 7 ndi pakati, palibe asidi. Kutsika ndi 1 ndi kuchulukitsa asidi ka 10, ndiye dothi la 4.5 lili ndi asidi wochuluka ka 100 kuposa la 6.5.

Apa m'pamene zonse zija zimalumikizana. Mbewu imamera bwino masabata awiri oyamba chifukwa ikudya kamba wa m'njere yake. Kambayo akatha, imadalira mizu, mizuyo n'kukhala yopsa. Mbewu ya mizu yosazama ngakhale dzuwa la masiku asanu limaifotsa, n'chifukwa chake mnansi wathu ankanena za mvula. Sanalakwe kwenikweni, kungoti anaona mapeto a nkhani. Nayenso feteleza amene tinkathira sankafika kumene tinkamutuma. Phosphorus, m'dothi la asidi, amagwidwa ndi chitsulo ndi aluminium n'kukhala chinthu chomwe muzu sungayamwe. Mukaona masamba a repu kapena tanaposi afiirira kunsi, mbewu zili zazifupi, kunja kusanazizire kwambiri, nthawi zambiri ndi njala ya phosphorus imeneyi. Kuonjezera feteleza pamenepo ndi kukwirira ndalama. Pamene masamba akwinyika n'kukhala ndi timadontho takuda, kayikirani manganese, yemwenso amasungunuka mopitirira muyeso asidi akachuluka.

Ngakhale musanalime, tchire limakuuzani. Kuli udzu wina amati broomsedge, umamera m'magulumagulu n'kufiirira ngati mkuwa nyengo yachisanu. Ukadzaza malo, kawirikawiri dothi lake ndi la asidi ndiponso losowa phosphorus.

Ambiri kuno amati asidiyu amachokera ku masamba a paini ogwa pansi. Ine sindivomereza. Dera lino la Piedmont limalandira mvula yoposa mamilimita 1,100 pa chaka, ndipo dothi lake ndi lakalekale, calcium ndi magnesium zinatsukidwa kale. Pamwamba pake, zaka zambirimbiri za ulimi wa thonje zinakokoletsa dothi lachonde, n'kutsala katondo wapansi. Paini anabzalidwa m'minda yotopayo chifukwa amapirira, monga mmene tiyi amakondwera ndi dothi la asidi ku Mulanje ndi Thyolo. Mukatsegula munda pamene panali paini, ganizani kuti asidi alipo mpaka muyeso utakutsutsani.

Kupimitsa dothi

Timakina totchipa tija tozika m'dothi, ta m'masitolo a maluwa, musatidalire. Ngakhale titalondola pH, sitingakuuzeni laimu wofunika, ndipo funso lenileni ndi limenelo. Ku Georgia mumapita ndi dothi ku ofesi ya alangizi ya University of Georgia, yomwe amati Cooperative Extension, ndipo imapezeka pafupifupi m'boma lililonse. Ku Alabama ntchitoyi ili ndi Auburn University, ku South Carolina ili ndi Clemson. Ulangizi umenewu unakhazikitsidwa ndi lamulo la Smith-Lever mu 1914. Mtengo wa kupimitsa sufika ngakhale pa thumba limodzi la mbewu ya clover, kamsipu ka gulu la nyemba ka masamba atatuatatu. Kwathu amene akufuna kupimitsa amalowera ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, ndipo katengedwe ka dothi n'kamodzimodzi.

Anthu amalakwa potapa. Musatape malo amodzi. Yendani mokhotakhota munda wonse, mutape malo 10 mpaka 20, paliponse mukuyamba mwapala zinyalala za pamwamba, n'kutenga kagawo kochokera pamwamba kufika masentimita 10 kapena 15 pansi. Musakanize zonse m'ndowa ya pulasitiki. Ndowa ya malata imasokoneza muyeso wa zinc. Pewani pamene panaotchedwa mulu wa nthambi, chifukwa phulusa limakweza pH pamalo pomwepo n'kukunamizani za munda wonse. Munda uliwonse ukhale ndi kathumba kakekake, ngakhale itatalikirana mamita 200 okha. Pa fomu lembani mbewu yomwe mukufuna kubzala, popeza malangizo a clover ndi a rye, mbewu yonga tirigu, ndi osiyana.

Pa pepala la zotsatira pamakhala manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi pH. Yachiwiri imaonetsa asidi wobisika, womatirira ku dongo ndi ku zowola za m'dothi, yemwe amatuluka pang'onopang'ono mukayamba kuthira laimu. N'chifukwa chake minda iwiri ya pH yofanana imatha kufuna laimu wosiyana kwambiri. Mzere wodutsa ku Columbus, Macon ndi Augusta, womwe amati Fall Line, ndiwo malire: kumpoto ndi katondo, amene amameza laimu wambiri koma amamusunga zaka, kum'mwera ndi mchenga, umene umafuna wochepa koma umamutaya msanga. Wa kumchenga akatengera mlingo wa kukatondo amapitiriza, pH n'kudutsa 7, mbewu n'kuyambanso chikasu chifukwa tsopano manganese wasowa.

Kamunda kathu kanatuluka 4.9, ndipo anatilembera matani awiri pa ekala.

"Laimu ndinathira, koma palibe chasintha"

Dandaulo limeneli ndimalimva kuposa lina lililonse, ndipo nanenso ndinalinenapo. Chaka chachiwiri chija, tisanapimitse, tinathira matumba asanu a laimu tsiku lofesa, n'kumadikira zodabwitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Laimu wa timibulu, yemwe amati pelletized lime, amagulitsidwa m'matumba a mapaundi 40, omwe ndi makilogalamu 18. Tani ya kuno ndi mapaundi 2,000, makilogalamu 907, ndiye tani imodzi ndi matumba 50. Kamunda ka theka la ekala, pa mlingo wa matani awiri pa ekala, kamafuna matumba 50. Ife tinathira asanu, gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuchepa kumeneku ndiko kumapha minda yambiri. Wogulitsa wina anatiuza kuti wa timibulu ndi wamphamvu, matumba ochepa amalowa m'malo mwa tani yathunthu. Si zoona. Ndi mwala womwewo wa laimu, wopera bwino, womatidwa kuti uzitha kudutsa m'kamakina kakang'ono kofesera. Chifukwa ndi wosalala amayamba ntchito msangako, koma kilogalamu imodzi singathetse asidi wofuna makilogalamu asanu. Ubwino wake ndi wa kunyamula basi. Laimu wa ufa wobwera pa lole ndi wotchipa kutalitali, ndipo ngati lole kapena ngolo yofesera ingafike pamunda panu, tengani ameneyo. Vuto lake n'lakuti timinda ta agwape timakhala m'katikati mwa nkhalango, kopanda msewu, ndipo laimu wa ufa akanyowa amatseka kamakina kakang'ono. Ife tinagula wa ufa, anatikhuthulira mulu pamsewu, n'kumatuta ndi ngolo, kumwaza ndi fosholo. Inali ntchito ya masiku awiri.

Chachiwiri ndi nthawi. Laimu si feteleza. Ndi mwala, ndipo umasungunuka pokhapokha wakhudzana ndi dothi lonyowa. Pamafunika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti kusintha kuoneke bwino, ndipo ntchito yake imapitirira chaka chathunthu kapena kuposerapo. Wofesa mu October athire laimu mu March kapena April. Wothira tsiku lofesa sanataye, koma wathirira mbewu za chaka chamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaonapo anthu akubwereza kupimitsa patangotha masabata atatu, n'kukwiya, n'kuthiranso tani ina pamwamba.

Chachitatu, laimu wongomwaza pamwamba sayenda. Amatsika masentimita ochepa kwambiri pa chaka, moti pamwamba pakhoza kukhala 6.5, pansi pang'ono pomwe pali mizu n'kukhalabe 4.9. Pamunda watsopano mumusakanize ndi dothi kufika masentimita 10 mpaka 15. Ngati mlingo ndi waukulu, woposa matani awiri pa ekala, gawani pawiri: theka mumwaze n'kutembenuza, theka linalo mumwaze n'kusakaniza mopepuka, kapena mulisunge miyezi isanu ndi umodzi. Pamunda wa clover wokhazikika kale musatembenuze ayi, ingomwazani pamwamba pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mukafuna kudziwa ngati vuto lanu ndi limeneli, pimitsani pawiri, dothi la masentimita asanu apamwamba palokha, la pansi pake palokha.

Chachinayi, werengani chikalata cha laimuyo. Pali nambala ya CCE, yoonetsa mphamvu yake poyerekeza ndi calcium carbonate weniweni, ndi nambala ya kusalala kwake. Timiyala tokhakhala ngati mchenga wa kumtsinje timatha zaka tili m'dothi osachita kanthu. Wofunika ndi uja wosalala ngati ufa woyera, wodutsa pa sefa ya 60 mesh. Ngati CCE ndi yotsika, mlingo ukwere molingana. Pepala la zotsatira likaonetsa kuti magnesium ndi wochepa, monga zimakhalira kawirikawiri kumchenga, gulani wa dolomite, yemwe ali ndi calcium ndi magnesium yemwe.

Palinso zomwe anthu amagula poganiza kuti ndi laimu. Gypsum ali ndi calcium ndipo amathandiza mizu kupirira aluminium wa pansi penipeni, koma sakweza pH. Mabotolo a calcium wamadzi, olembedwa kuti botolo limodzi likwanira ekala, ingowerengani kulemera kwake muyerekeze ndi makilogalamu 907. Laimu wowotcha, wonga wopakira nyumba uja, amagwira msanga koma amapsereza khungu, maso ndi njere zomwe, ndipo n'kosavuta kupitiriza mlingo. Phulusa la nkhuni limagwiradi ntchito. Alimi a chitemene kumpoto kwa Zambia amadziwa zimenezi kuyambira kale, amaunjika nthambi n'kuziotcha kuti abzale mawere pa dothi la asidi. Kungoti mphamvu yake ndi yocheperapo, pamafunika kuwirikiza kawiri kapena kupitirira, ndipo likanyowa lisanamwazidwe limasukuluka. Phulusa la matabwa opakidwa penti kapena omwetsedwa mankhwala a chiswe lisayandikire malo odyera nyama.

Chenjezo lina laling'ono: musamwaze urea pamwamba pa laimu amene wangothiridwa kumene ali mbee pamtunda. Nayitirojeni wake amauluka ngati mpweya.

Zobzala pamene laimu akugwira ntchito

Chaka chodikiracho munda usagone, ndipo musaumirire mbewu zonyada. Alfalfa, msipu wina wa gulu la nyemba, amafuna pH ya 6.5 kupita m'mwamba, muiwaleni kaye. Clover woyera wa masamba akuluakulu, wa mtundu wa ladino, amafuna 6.0 kapena kuposa. Repu, tanaposi ndi radish zimamera pa 5.5 koma sizibereka moti n'kukondwera nazo.

Mbewu imene sinandikhumudwitsepo ndi rye wa njere, amene amati cereal rye. Amamera ngakhale pa 5.0, amapirira chisanu, amaphukanso akadyedwa, ndipo mizu yake yambiriyo imafewetsa katondo. Mtundu wa Wrens Abruzzi ndi wa konkuno ku Georgia. Mukamamwaza ndi manja, makilogalamu 45 pa ekala. Koma samalani pogula: cereal rye ndi ryegrass ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ryegrass amabiriwira mokongola, n'chifukwa chake amamuthira m'matumba otchipa a mbewu zosakaniza okhala ndi chithunzi cha gwape wa nyanga zikuluzikulu. Akangogwetsa njere kamodzi amasanduka udzu wovuta kuuthetsa, n'kudzatsamwitsa clover wanu zaka zotsatira. Tembenuzani thumba, muwerenge kachikalata ka kumbuyo. Pomweponso mudzaona kuti njere zina ndi zokutidwa, ndipo chokutiracho chimatha kutenga gawo limodzi mwa atatu a kulemera konse, ndiye mlingo wofesa uyenera kukwera.

Oats, mbewu inanso yonga tirigu, amapiriranso asidi, ndipo agwape amawakonda kuposa rye kumayambiriro kwa nyengo, ngakhale chisanu choopsa chimawapha. pH ikafika cha m'ma 5.5, onjezani crimson clover, wa maluwa ofiira uja, makilogalamu 7 mpaka 9 pa ekala ngati ali yekha, ocheperapo ngati ali ndi rye. Ndi wa chaka chimodzi, ndiye akalephera simulira kwambiri. Nyengo yotentha, buckwheat amamera pa dothi losauka n'kukhwima m'miyezi iwiri ndi theka, ndipo mukamugwetsera pansi amawola msanga.

Clover wokhalitsa abwere chaka chachiwiri. Kuno ndimasankha Durana, yemwe anapangidwa ndi University of Georgia mogwirizana ndi AgResearch ya ku New Zealand kuchokera ku clover amene anapulumuka yekha m'mabusa a ku Georgia. Amapirira asidi, dzuwa ndi kudyedwa kuposa ladino. Makilogalamu awiri ndi pang'ono akwanira ekala. Chaka choyamba amachedwa, amakhala akuyala mizu ndi mphukira zake pansi, ndiye musamutembenuze poganiza kuti wakanika. Kupirira kwakeko sikutanthauza kuti laimu mumusiye.

pH yakwera koma clover akadali wachikasu

Kumbaninso, koma ulendo uno yang'anani timibulu ta pa mizu, tonga tija ta pa mtedza ndi soya. Mudule kamodzi ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira ngati nyama, tizilombo tothandiza tokhala m'timibuluto tili pa ntchito yopanga nayitirojeni. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, kapena timibulu tikasoweratu, clover wanu ali ndi njala ngakhale dothi lakonzeka.

Dothi limene lakhala pansi pa paini zaka makumi angapo nthawi zambiri lilibe tizilombo timeneti, popeza nato sitipirira asidi. Ndiye inokulanti, tizilombo tomweto topaka ku njere, ndi wofunika, monga amachitira alimi a soya kwathu. Mbewu iliyonse ili ndi wakewake: wa khobwe sagwira pa clover, wa soya sagwira pa khobwe, ngakhale mitundu ina ya clover imasiyana. Njere zambiri zimabwera zopakidwa kale, koma tizilomboto ndi tamoyo. Thumba likakhala tsiku lonse m'galimoto yotseka pa dzuwa la September, kapena likadutsa tsiku lolembedwa pa chikalata, tafa. Gulani paketi yatsopano, muisunge pozizira, musakanize ndi njere pamthunzi, mufese tsiku lomwelo. Kuthira urea kuti clover abiriwire kumangonenepetsa udzu wopikisana naye.

Zina zomwe zimanamizira asidi

Ngati clover sanamere n'komwe, kawirikawiri mwamukwirira kwambiri. Njere zake ndi tating'ono ngati ta bonongwe, sizifuna kupitirira theka la sentimita. Fesani rye kaye n'kumukwirira masentimita awiri kapena atatu, mutsendere dothi, kenako mumwaze clover pamwamba n'kutsenderanso, mvula ili pafupi.

Ngati munda unabiriwira bwino n'kutha m'masiku awiri kapena atatu, m'kati mwa kakhola momwe, gwadani muyang'ane pansi m'mawa. Ndi ntchemberezandonda. Mbozi yomweyi imene inafika ku Africa mu 2016 n'kusakaza chimanga kwathu, kwawo ndi kuno ku America, ndipo imakonda rye, oats ndi tirigu wanthete. Pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka. Mbalame zikamaunjikana pamunda masana, pitani mukaone. Ofesa kumayambiriro kwa September ndi amene amalira nayo. Ife timadikira kumapeto kwa September kapena mu October, usiku ukayamba kuzizira.

Timinda tambiri timatsegulidwa pamene odula mitengo ankapakirira zipika m'malole, chifukwa m'pamene pamakhala poyera kale. Dothi la pamenepo ndi logangatika ngati msewu. Zikani chitsulo mvula itagwa: chikakana pa masentimita ochepa, mizu nayonso ikukana pomwepo, ndipo pamafunika pulawo yong'amba pansi dothi lili louma pang'ono. Makungwa ndi utuchi zotsala pamenepo zimalanda nayitirojeni pamene zikuwola, ndiye rye wa chaka choyamba amafuna woonjezera. Za mthunzi n'zachidziwikire: munda wosapeza dzuwa maola anayi kapena asanu pa tsiku sungachire ndi laimu. Nguluwe nazonso ziliko kuno, nkhumba zolowerera kutchire, koma zikalowa simufunsa munthu, munda umaoneka ngati walimidwa usiku.

Patha zaka zitatu, vuto labwerera

Limabwereradi. Mvula imapitiriza kutsuka calcium, ndipo feteleza wa nayitirojeni amasiya asidi m'dothi chaka chilichonse. Woipitsitsa ndi ammonium sulphate, yemwe pa nayitirojeni wofanana amasiya asidi wochuluka pafupifupi katatu kuposa urea. Chizindikiro choyamba si chikasu ayi. Clover amayamba kupyapyala m'zigawozigawo, udzu n'kumalowa m'mipatamo, munthu n'kuthamangira mankhwala ophera udzu. Mankhwalawo amapha udzu, koma mipata imadzazidwanso chifukwa clover alibe mphamvu yoitseka. Kukatondo pimitsani pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kumchenga chaka ndi chaka, nthawi zonse mwezi womwewo kuti manambala aziyerekezeka. Ine ndimatapa mu February, n'kulemba m'kope limodzi ndi matumba amene ndinathira.

Kamunda kathu kaja kanachoka pa 4.9 kufika 5.8 patatha chaka, kenako 6.3 titaonjezera. Chaka chimene Durana anagwira, m'kakhola munali clover wofika m'akakolo ndi kupitirira, kunja wometedwa koma wothithikana, ndi mapazi a agwape aakazi ndi ana awo paliponse. Ngodya ya kumunsi yokha, kumene ngolo inkakanika kufika chifukwa cha matope, ndi imene ikadali ndi broomsedge. Ndinaipimitsa payokha, yatuluka 5.3. Matumba ake ndagula kale, ali m'shedi, ndidzawasenza paphewa mu March nthaka ikauma pang'ono.